Galu wa pa Siteshoni ya Shibuya ndi Ulemu Wofika Mochedwa

 Lero ndafuna kuti tikhale pansi tikambirane za galu. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira, pakuti kwathu kuno dzina la galu ndi lotukwanira, ndipo munthu akanenedwa kuti ndi galu nkhaniyo imakathera kubwalo la amfumu. Galu timamuponyera mkute, timamuingitsa pa mphasa ndi chikuni, ndipo akafa timangomukokera kuthengo. Koma kuli dziko lina kumene galu mmodzi adamuumbira chiboliboli cha mkuwa pakati pa mzinda waukulu, ndipo anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana amaima pamzere kuti ajambulitse nacho. Mundilole ndikufotokozereni mbiri yake mwachifatse, chifukwa mkati mwake muli funso limene likugogoda pakhomo la aliyense wa ife: kodi wokhulupirika timamulemekeza liti, akadali moyo kapena titamuika m'manda?

Ambiri mwa inu mudaonerapo filimu yotchedwa Hachi: A Dog's Tale, imene idatuluka m'chaka cha 2009. M'filimumo Richard Gere ndi mphunzitsi wa nyimbo pa sukulu ya ukachenjede ku America, amene adatola kamwana ka galu kosokera pa siteshoni ya sitima. Galuyo atakula ankaperekeza mbuye wake m'mawa uliwonse kokakwera sitima, ndipo madzulo ankabwerera kukamuchingamira. Tsiku lina mphunzitsiyo adagwa m'kalasi n'kumwalira. Padalibe chinenero chouzira galu za malirowo, motero adapitiriza kukhala pakhomo la siteshoni tsiku ndi tsiku, pa dzuwa ndi pa chisanu, mpaka adakalamba n'kufera pomwepo. Ndidaionera pamodzi ndi adzukulu anga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adadzuka pampando maso ali ouma. Choncho mwana wanga wamkazi, amene akuchita maphunziro ku Tokyo, atatiitana ine ndi amayi ake kuti tikamuone, pempho langa loyamba lidali lakuti atiperekeze kumalo kumene zinthuzi zidachitikiradi. Nkhaniyi kwawo ndi ku Japan. A ku America adachita kubwereka, ndipo eni ake adali atapanga kale filimu yawo mu 1987.

Siteshoni ya Shibuya ndi imodzi mwa masiteshoni otanganidwa kwambiri pa dziko lonse. Kutsogolo kwake kuli mphambano yotchuka kumene magetsi a pamsewu akaimitsa magalimoto mbali zonse, khamu la anthu limawoloka nthawi imodzi, uyu kuloza uku, uyu kuloza uko, ngati linthumbu. Limodzi mwa makomo a siteshoniyo limatchedwa ndi dzina la galuyo, Hachiko. Mukangotuluka pakhomopo, pakati pa mitengo yowerengeka, ndi pamene pali chibolibolicho: galu wakhala tsonga, khutu limodzi lili chiimire, linalo lagwa. N'chaching'ono kuposa mmene munthu angaganizire, ndipo miyendo yake yakutsogolo ikunyezimira chifukwa cha manja a anthu amene amaisisita. Eni mzinda amapangana kuti akakumane pa Hachiko monga mmene ife timapanganirana pansi pa mtengo wa kachere. Alendo amaima pamzere, aliyense n'kujambulitsa mwachangu, n'kupereka malo kwa mnzake. Titachoka pamenepo tidapita kumanda a Aoyama, kumene adagona mbuye wake, ndipo pambali pa mandawo pali kamwala kokumbukira galuyo. Kumeneko kudali zii.

Mbiri yeniyeni ili chonchi. Hachi adabadwa mu November 1923 kufupi ndi mzinda wa Odate, m'chigawo cha Akita kumpoto kwa Japan, ndipo mtundu wa agalu amenewa umadziwika ndi dzina la chigawocho. Dzina lakuti Hachi limatanthauza nambala 8 m'chinenero chawo, ndipo "ko" wa kumapetoyo ndi mawu achikondi ndi ulemu amene adachita kuwonjezera. Kumayambiriro kwa 1924 adamutumiza pa sitima ku Tokyo kwa Pulofesa Hidesaburo Ueno, katswiri wa zaulimi pa Tokyo Imperial University. Pa 21 May 1925 Ueno adagwa ali kuntchito, mtsempha wa magazi utaphulika mu ubongo, ndipo sadabwererenso kunyumba. Hachi adafa pa 8 March 1935, adamupeza atagona m'msewu wina wa ku Shibuya komweko. Werengani bwino masikuwo, abale anga. Galu ndi mbuye wake adakhalira limodzi miyezi pafupifupi 16 yokha, koma kudikira kudatenga zaka pafupifupi 10.

Apa ndi pamene filimu ndi mbiri zikupatukana njira. M'filimu anthu a pa siteshoni ndi okoma mtima kuyambira pachiyambi: wogulitsa zakudya amamupatsa kanthu, wogwira ntchito pa siteshoni amamudziwa, odutsa amamusisita. Ku Shibuya sizidali choncho. Ogwira ntchito pa siteshoni ankamuona ngati chosokoneza. Ogulitsa nyama yootcha ankamuthira madzi kuti achoke pafupi ndi malonda awo, ndipo anyamata ankamuzunza ndi kumumenya. Kwa iwo adali chigalu chachikulu chongoyendayenda, chotsekereza njira ya anthu amene akuthamangira sitima. Palibe amene ankaima n'kudzifunsa kuti kodi galu ameneyu amabwereranji pa malo omwewa, pa nthawi yomweyi, maso ali pa khomo lotulukira anthu.

Zinthu zidasintha mu October 1932. Bambo wina dzina lake Hirokichi Saito, amene adayambitsa bungwe loteteza mitundu ya agalu a ku Japan, adafufuza za galuyo n'kutumiza nkhani yake ku nyuzipepala yaikulu ya Asahi. Itangosindikizidwa, Hachi adatchuka m'dziko lonse. Anthu adayamba kubwera kuchokera kutali kudzamuona, atanyamula zakudya ndi mphatso. Adasonkha ndalama, ndipo mu April 1934 adavundukula chiboliboli chake chimene adaumba mmisiri Teru Ando. Hachi mwiniwake adalipo pa mwambowo, ali wokalamba ndi wodwala. Chaka chisanathe adafa, ndipo khamu la anthu lidabwera kudzamulira, ansembe a Chibuda n'kuchita mapemphero.

Tsopano taganizani. Kuchokera pa imfa ya Ueno kufika pa tsiku la nyuzipepala padadutsa zaka zoposa 7. Kuchokera pa nyuzipepala kufika pa imfa ya Hachi padadutsa zaka zosakwana zitatu. Kodi galuyo adasintha chiyani mu October 1932? Adali yemweyo, pa khomo lomwelo, ndi mtima womwewo. Chimene chidasintha ndi chakuti anthu adauzidwa ndi pepala kuti galu ameneyu ndi wofunika. Mkono umene unkathira madzi udayamba kupereka nyama. Umu ndi mmene mtima wa munthu ulili, ku Tokyo ngakhalenso kwathu kuno: timalemekeza amene ena ayamba kale kumulemekeza, ndipo kukhulupirika kosawomberedwa m'manja timakudutsa ngati chitsa cha m'mbali mwa njira. Nditaima pafupi ndi mzere wa ojambulitsa, funso limene lidandigwira lidali ili: tonse amene tili pano, tikadakhalapo mu 1928, tikadakhala mbali iti, ya othira madzi kapena ya opatsa chakudya?

Pali munthu wina m'mbiriyi amene alendo ambiri a pa mzerewo sadamvepo dzina lake. Ameneyo ndi mayi Yaeko Sakano, amene adakhala ndi Ueno ngati mkazi wake kwa zaka pafupifupi 10. Ukwati wawo sudali wolembedwa m'kaundula wa boma, motero Ueno atamwalira lamulo silidamuwerengere ngati mkazi wamasiye. Adayenera kutuluka m'nyumba imene adakhalamo zaka zonsezo. Ichi ndicho chifukwa chake Hachi adasowa pokhala n'kumangosinthidwa m'manja mwa anthu, kutali ndi Shibuya. Sikuti mayiyo adamutaya galuyo. Iye mwini adalibe denga lomusungira. Zikumveka kuti nthawi zonse Yaeko akabwera kudzamuona, Hachi ankamulumphira ndi chimwemwe. Pa chithunzi chimene adajambula tsiku la imfa ya galuyo, mayiyu alipo pamodzi ndi ogwira ntchito pa siteshoni, atagwira manja mwapemphero pafupi ndi mtembo wake.

Yaeko adamwalira mu 1961. Khumbo lake lidali lakuti adzaikidwe pafupi ndi Ueno, koma adamuika kumanda ena. Padadutsa zaka 55 kufikira mu May 2016, pamene anthu ena ophunzira atapeza zimene mayiyo adasiya zosonyeza khumbo lakelo, adagwirizana ndi mabanja onse awiri n'kutenga gawo la phulusa lake kukaliika ku Aoyama. Onani mmene dziko limachitira. Galu adapatsidwa chiboliboli akadali moyo ndiponso malo pafupi ndi mbuye wake atangofa. Mkazi amene adasamala pakhomopo, amene adalira maliro omwewo ndi mtima wa munthu wodziwa tanthauzo la imfa, adadikira zaka 55 ali m'manda kuti pempho lake limveke. Sindikunena kuti galuyo sadayenere ulemu wake. Ndikunena kuti n'kosavuta kukonda wokhulupirika amene sangatifunse za nyumba, za munda kapena za ndalama za kubanki.

Nkhani ya Yaeko siyachilendo m'makutu athu. Ndi maliro angati amene tidakhalapo, pamene nyimbo zili mkati kumanda, achibale ena ali kale kunyumba kufunsa makiyi a galimoto ndi mapepala a malo? Ndi amayi angati amene adadwazika amuna awo miyezi yambiri, kuwatembenuza ndi kuwasambitsa, n'kuuzidwa sabata itangotha kuti alongedze abwerere kwawo ndi ana? Kuyambira mu 2011 dziko lathu lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limanena momveka kuti kulanda chuma cha mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Koma lamulo silikhala nafe pa msonkhano wa banja usiku wa maliro. Pamenepo pamakhala inu ndi ine. Wolira filimu ya galu n'kukhala chete pamene mlamu wake akutulutsidwa m'nyumba, misozi yake yapita pachabe. Ndipo kwa inu abambo anzanga ndikuti: longosolani ukwati wanu mwalamulo, lembani chikalata chonena za kagawidwe ka chuma chanu mukadali ndi mphamvu. Ueno adali munthu wophunzira kwambiri, wa zaka 53 zokha, ndipo m'mawa umene adatuluka m'nyumba sadadziwe kuti akutsanzika. Chakudza sichiimba ng'oma.

Munthu wachiwiri woiwalika ndi bambo Kobayashi, amene ankasamalira maluwa ndi mitengo pakhomo pa Ueno. Hachi atazunzika m'makomo ena, Kobayashi ndiye adamutenga, ndipo nyumba yake idali pa mtunda woti galu n'kuyenda kukafika ku siteshoni. Adamusunga mpaka imfa. Ankamudyetsa, ankamupatsa pogona, ndipo ankamulola kutuluka kupita ku Shibuya ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti amene akudikiridwayo sadzatsikanso sitima. Taganizani za mtima umenewo: kudyetsa chaka ndi chaka galu amene mtima wake uli kwa wina. Pulofesa adali atapita, malipiro a ntchito ya maluwa adatha, padalibenso bwana woti amuyamike. Komabe wantchitoyo adasenza katundu amene adatsala pakhomo pa bwana wake. Pakhomo la siteshoni palibe chiboliboli cha Kobayashi, koma popanda iye zaka za kudikira zija sizikadatheka, pakuti wanjala sadikira nthawi yaitali.

Anthu otere alipo m'mabanja mwathu. Pali mwana wamkazi amene adasiya ntchito m'tauni kubwerera kumudzi kukasamala mayi wokalamba, pamene abale ake amangotumiza moni pa foni. Pali mdzukulu amene amatunga madzi ndi kuchapa zofunda za agogo odwala. Pali wantchito wa pakhomo amene wakhala nafe zaka 20, adalera ana athu, koma sitidafunsepo kuti ukalamba wake udzakhala wotani. Pa tsiku la maliro anthu amenewa amakhala kuseri, pa moto, akuphika nsima ya alendo, pamene amene adafika dzulo pa galimoto ndiwo akuyala nkhata yoyamba ndi kuyankhula m'malo mwa banja. Ngati mukufuna kudziwa chimene chasunga banja lanu mpaka lero, yang'anani kuseriko.

Ena amene sakonda nkhani zogwira mtima adanenapo kuti Hachi sankadikira munthu aliyense, ankangotsata fungo la kanyenya wa nkhuku amene ankagulitsidwa pafupi ndi siteshoni. N'zoona kuti atafa, madokotala adapeza timitengo tosomekera nyama m'mimba mwake. Ndiponso mu 2011 akatswiri a pa University of Tokyo adayezanso ziwalo zake zimene zidasungidwa, n'kupeza kuti adali ndi khansa komanso nyongolotsi za mu mtima. Timitengoto sitikundichotsera kanthu. Galu amene ankathiridwa madzi ndi kumenyedwa zaka zingapo pa malo amodzi, pamene kunyumba kwa Kobayashi kudali chakudya, sangakhale kuti ankatsata mimba yokha. Koma ndimamvamo liwu lozolowereka m'mawu a okayikirawo. Ndi liwu lomwe limanena za mwana wosamala kholo kuti akufuna nyumba, za mayi woyendera odwala kuti akufuna kutchuka. Tikalephera kufanana ndi wokhulupirika, timayamba kufufuza m'mimba mwake.

Pali mbali inanso ya mbiriyi imene tiyenera kuiyang'ana ndi maso otsegula. M'zaka za m'ma 1930 boma la Japan lidali m'manja mwa anthu okonzekera nkhondo, ndipo lidaona kuti nkhani ya Hachi ndi yothandiza. Adaiika m'mabuku a ana a sukulu ngati phunziro la kusaiwala zabwino zimene wakuchitira mbuye wako, pa nthawi imene ana ankaphunzitsidwa kudzipereka kwa mfumu ndi dziko popanda kufunsa. Nkhondo itavuta, boma lomwelo lidazula chiboliboli cha Hachiko mu 1944 kuti mkuwa wake ukasungunulidwe pothandiza nkhondoyo. Agalu amene sadali a asilikali adalamulidwa kuti aperekedwe, ndipo ambiri adaphedwa kuti zikopa zawo zisokedwe zovala za asilikali, moti agalu a mtundu wa Akita adatsala ochepa kwambiri. Mmisiri Teru Ando adafa pamene ndege zidaponya mabomba pa Tokyo mu 1945. Chiboliboli chimene chilipo lero adaumba ndi mwana wake, Takeshi Ando, mu 1948.

Amene adatamanda kukhulupirika kwa galu m'mabuku ndiwo adasungunula chiboliboli chake n'kusenda abale ake. Ife amene tidayamba ntchito ya boma m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira ngodya zinayi zimene tinkaloweza pamtima: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu anayi onsewo ndi abwino. Koma tikudziwanso kuti masiku amenewo munthu ankatha kutchedwa wosakhulupirika chifukwa chongofunsa funso, ndipo ena adakhala m'ndende zaka popanda kuzengedwa mlandu. N'chifukwa chake ndikuwachenjeza achinyamata: wamphamvu akayamba kukulalikirani za kukhulupirika, yang'anani mmene amasamalira amene akhala okhulupirika kwa iye. Hachi adakonda munthu amene adamulera ndi kumusamala. Kukhulupirika koona kumamera pamene padafesedwa chikondi, ndipo sikulamulidwa ndi chibonga.

Mwina wina anena kuti, "Akulu, galu sadziwa imfa. Kudikira kwake kudali kusadziwa chabe. Kodi mukufuna kuti ifenso tizikhala pa siteshoni kudikira amene sadzabweranso?" Funsolo ndi labwino, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi. Sindikuuza mkazi wamasiye kuti asadzakwatiwenso, sindikuuza wozunzidwa m'banja kuti azingopirira mpaka imfa, ndipo sindikuuza wofedwa kuti asapukute misozi n'kugwira khasu. Munthu adapatsidwa nzeru yodziwa nthawi yolira ndi nthawi yodzuka. Tikamaonera filimu ija timadziika m'malo mwa galu, n'kumadziona ngati okhulupirika amene dziko silikuwamvetsa. Koma malo athu enieni m'nkhaniyi ndi ena. Ife ndife khamu lotuluka pakhomo la siteshoni madzulo alionse, lothamangira kwawo, lodutsa wodikira osamuona.

Ndipo odikira alipo. Kumudzi kuli mayi wokalamba amene amakhala pakhonde, foni ili pamwendo, kuyembekezera kuti mwana wake wa ku Johannesburg kapena ku Lilongwe aimba. Akamva galimoto pamsewu amatukula mutu. Kuli bambo amene adapuma pa ntchito, amene kale pakhomo pake pankadzaza alendo, koma lero sabata imatha osamva odi. Kuli mnzathu amene kwa zaka 30 sankasowa pa maliro ndi pa ukwati wa aliyense, tsopano miyendo yakana, ndipo mpando wake wakhala wopanda munthu miyezi isanu popanda wofunsa kuti ali kuti. Kuli mwana amene bambo ake adalonjeza kuti abwera kumapeto kwa mwezi, ndipo miyezi yasanduka zaka. Anthu amenewa sadzalembedwa m'nyuzipepala. Saito wawo ndi inu.

Koma taonani zimene timachita tsiku limene mmodzi wa iwo watsikira kulichete. Uthenga umafalikira m'mafoni m'kanthawi kochepa. Ndalama imene idasowa yogulira mankhwala imapezeka yogulira bokosi lonyezimira. Galimoto imene idalibe mafuta okaonera wodwala imapezeka pa mdipiti wa maliro. Chaka chikatha timasonkhananso kumanga chiliza cha mwala wosalala, kusoka yunifolomu ya banja lonse, kupha ng'ombe, ndi kujambulitsa titaima mozungulira manda monga mmene alendo amachitira pa Shibuya. Musandimve molakwa: maliro n'kulirana, ndipo kusamala manda a makolo ndi ulemu woyenera umene sindingauletse. Koma Ambuye wathu adadzudzula anthu amene ankamanga ndi kukongoletsa manda a aneneri, pamene mitima yawo idali yofanana ndi ya amene adawakana ali moyo. Mukawerenge nokha pa Mateyu 23. Chiliza n'chosavuta kuchikonda, chifukwa sichidwala usiku, sichibwereza nkhani imodzimodzi katatu, ndipo sichipempha shuga. Munthu wamoyo amatopetsa. Kukhulupirika kumayesedwa pa kutopako.

Mu March 2015, pokumbukira kuti patha zaka 80 chifereni Hachi, a University of Tokyo adaimika chiboliboli china pa sukulu yawo ya zaulimi. Pamenepo Ueno wavala chipewa ndi chikhoti, chikwama chili pansi, ndipo galu wamulumphira ndi chimwemwe. Anthu adafuna kuti awiriwo akumane, ngakhale mu mkuwa. Ndi ntchito yokoma, monganso idalili yokoma ntchito yopititsa phulusa la Yaeko ku Aoyama chaka chotsatira. Kukonza mochedwa kumaposa kusakonza konse. Koma Hachi sadachione chibolibolicho, ndipo Yaeko sadamve kuti pempho lake lavomerezedwa. Zonsezo zidatonthoza amoyo amene adazichita. Mbale ya chakudya imene Kobayashi ankaika pansi madzulo, imeneyo Hachi adaiona ndi maso ake.

Choncho ndikukupemphani zinthu zochepa, zoti n'kuchitika sabata ino. Khalani pansi mulembe maina a anthu atatu amene mukudziwa kuti akamwalira mawa mudzasiya zonse n'kuthamangira kumaliro awo. Kenaka dzifunseni kuti mudawaona liti komaliza. Amene ali pafupi, pitani mukakhale nawo, osati mphindi zisanu muli chiimire, koma mukhale pansi mpaka tiyi azizire. Amene ali kutali, aimbireni, ndipo musadule foni iwo asanamalize nkhani yawo. Ngati banja lanu likusonkha ndalama za chiliza chaka chino, funsani pamsonkhanopo ngati wamasiye wa malemuyo ali ndi chimanga chofika nacho mwezi wa February, ndiponso ngati ana ake ali pa sukulu. Ngati m'banja mwanu muli Kobayashi amene akusenza yekha mtolo wa wodwala, mupumuzeni ngakhale masiku awiri, ndipo muthokozeni pamaso pa abale onse iye akumva. Inu ana athu amene muli kunja, ndalama zimene mumatumiza timazilandira ndi manja awiri, koma dziwani kuti makolo anu amawerenga masiku a mawu anu kuposa mmene amawerengera makwacha.

Ndipo poti nkhaniyi idayamba ndi galu, musaiwale amene ali pakhomo panu. Amagona panja pa mvula kulondera nyumba yanu ndi mbuzi zanu, ndipo amakuchingamirani mofanana kaya mwabwera ndi thumba kaya chimanjamanja. Mpatseni madzi oyera ndi chakudya chokwanira, mukamubayitse katemera wa chiwewe alangizi a ziweto akalengeza, ndipo ana anu asakule akuganiza kuti kugenda galu ndi masewera. Mwana amene waphunzira kuchitira chifundo cholengedwa chimene sichingamubwezere kanthu, adzadziwanso kusamala inu pamene simudzathanso kumupatsa chilichonse.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonsefe, tikapatsidwa masiku ochuluka, tidzafika pokhala pakhonde ndi kutukula mutu pakamveka phazi panjira. Tiyeni tiphunzitse ana athu njira yopita kwa odikira pamene miyendo yathu ikadali yolimba, kuti njirayo isadzamere udzu.

Uthengawu muwawerengereko amene alibe foni, makamaka achikulire athu. Mulungu akusungeni nonse, inu ndi a m'nyumba mwanu.